Dzinja limene achimwene anakana kukhala mwana

Matope a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akanyowa ndi mvula yoyamba amanunkha ngati mphika wa matemba umene wagona osatsuka. Fungo limenelo likandipeza, ngakhale lero, ndimaona mayi anga atamanga chitenje cholimba m'chiuno, akuponda matope mumsewu wa ku Kachulu, ine ndikuthamanga pambuyo pawo.

Linali dzinja, nyengo imene boma limatseka nyanja kuti nsomba ziswane. Mabwato anali atawavundikira kumtunda, pamathandala oyanikapo nsomba pali mbee, ndipo kwathu ndiwo zinali chisoso ndi bonongwe basi. Achimwene anga a Limbani anali ndi zaka khumi ndi zitatu, koma anali atatalika ngati bango, mapewa otambalala ndi kupalasa bwato. Chilimwe chapitacho anali atatuluka kusimba. Kuyambira pamenepo panalibenso wowatchula kuti iwe. Ngakhale mayi amene ankawapatsa ulemu, kuwaikira chakudya paokha, ine n'kumagwada powapatsa madzi. Eee, ankayenda ngati mudzi wonse ndi wawo!

Panali bambo wina wa khoka amene ankatenga anyamata kukakoka mozemba kuseri kwa njedza, udzu wautali womera m'nyanjamo. Tsiku lina m'mawa olondera nyanja anawagwera. Mwini khoka analowa m'njedzamo osaonekanso. Ogwidwa anali amuna awiri akuluakulu ndi achimwene.

Kupolisi anawafunsa zaka, ndipo zinthu zinavutira pamenepo. Kusimba anali atawalangiza kuti wotuluka kumeneko sadzitchulanso mwana pamaso pa wina aliyense. Nanga amuna awiri aja akumva, iwo akanati chiyani? Anatukula chifuwa n'kunena kuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Wapolisi anangowayang'ana msinkhu, n'kuwatsekera m'chitolokosi limodzi ndi akuluakulu. Tinamva kuti galimoto ikabwera iwatengera kutauni, kukhoti la akulu, ndipo kuchoka apo ndi kundende.

Titapita kukawaona anatiimika panja, pakawindo ka mawaya. Mkatimo munkatuluka fungo la mkodzo ndi thukuta. Achimwene diso linali lotupa, malaya awo atavala munthu wina wandevu. Mayi anauza wapolisi kuti ameneyo ndi mwana. Iye anati mwiniwake wanena yekha zaka zake, ngati akutsutsa abweretse pepala la kubadwa. Pepala lanji? Achimwene anabadwira m'nyumba, chaka chimene nyanja inaphwa mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi.

Mayi anga sanali munthu wolira pagulu. Masana omwewo analowa khomo ndi khomo, mvula ili pamsana, kwa amayi onse amene anachira chaka chimene achimwene anabadwa. Kutacha amayiwo anafika papolisi paja, aliyense atagwira dzanja mwana wake. Anawo anali anzawo a achimwene akusimba, onse m'yunifolomu ya kupulayimale, ena makabudula ong'ambika kumbuyo. Anabweranso a Asiyatu, Msilamu wogulitsa nsomba za makumba zowamba, amene anathandiza mayi pobereka achimwene. Onse anakhala pansi pachipata penipeni, miyendo tambalale, potulukira galimoto.

"Mukamutenga uyu mutenge onsewa," anatero mayi. "Anayamwa chaka chimodzi. Nafenso mutikweze."

Mkulu wa apolisi anatuluka, anaopseza, anabwerera mkati, anatulukanso. Amayi aja osasuntha ndi pang'ono pomwe. Mvula inawathera pathupi, dzuwa linawaumitsa, a Asiyatu akungotsokomola. Dzuwa lili pamutu anawatulutsa achimwene. Mkuluyo anati mnyamatayo akavomera ndi pakamwa pake kuti ndi mwana, nkhani yake ipita kwa oona za ana ndipo akagona kwawo. Akapanda kutero, akwera galimoto. Achimwene anayang'ana anzawo aja mmodzimmodzi, kenako anawerama.

Mayi anadzuka. Ulemu wonse wa miyezi ija anautayira pomwepo.

"Iwe Limbani! Ndinakubereka ndine. Kusimba anakumeta tsitsi, sanakuwonjezere zaka. Nena!"

Ananena, mawu ali pansipansi. "Ndine mwana, bwana." Atangotero kulira kunaphulika, kulira kwa mwana weniweni, mamina chuchuchu, nkhope ataibisa m'chitenje cha mayi. Anzawo ena anayang'ana kumbali, wina anaseka, mayi wake n'kumutsina khutu.

Tikubwerera tinakumana nayo galimoto ija, ikuterereka m'matope, ikupita kukatenga amuna awiri aja. Ine sindinaisamale. Ndinali nditakwiya nawo mayi, ndikuona kuti awavula achimwene pagulu. Sindinkadziwa ngati ndizigwadabe powapatsa madzi. Lero ndikamva anthu pamsika akukuwa kuti kamnyamata kakuba aka n'kakakulu kale, akamange, sindikhala chete, anditukwane kaya. Ndimafunsa kuti kanabadwa liti, mayi wake ali kuti. Ndimakumbukira kuti kumbuyo kwa galimoto ija kunali malo a munthu wachitatu, ndipo inapita kutauni malowo alibe munthu.