Dzina la a Japhet pa Chipilala cha ku Zomba

A Blasius a ku Balaka ankayenda khosi litapendekera kumanzere, ndipo ana ankawatsanzira akangopotoloka. Khosilo linapindika pa nkhondo yoyamba ya azungu, pamene iwo ndi akulu awo a Japhet anagwidwa kukakhala amtengatenga, osenza mabokosi a zipolopolo kumbuyo kwa asilikali. A Blasius anabwerako. A Japhet anafera m'thengo la ku Tanganyika atatsegula m'mimba, mng'ono wawoyo n'kungowafunditsa masamba poti mzere wa amtengatenga sunkaima.

Chibwerereni a Blasius ankangolima thonje ndi kuimba kutchalitchi ndi liwu losokoneza anzawo, za nkhondo osatchula. Chowatonthoza chinali chimodzi: anamva kuti ku Zomba boma linamanga chipilala n'kulembapo onse amene anafa.

Mu 1940, nkhondo yachiwiri itabuka, olemba asilikali a Keyala, gulu lankhondo la boma, anafika ku Balaka, mwana wawo Ambrose n'kuyamba kuyenda ngati wavala kale jombo. Amalume ake anali atavomera. Nanga bambo wokhala pachikamwini angaletse chiyani? Mantha anawagwira a Blasius mpaka chakudya osalowa. Anaganiza zomutengera mwanayo kuchipilala, akaone yekha unyinji wa anthu amene nkhondo inadya.

Anawoloka Shire pa Liwonde, nadutsa mapiri a Machinga. Chipilalacho anachipeza pafupi ndi kampu ya asilikali, chachitali, cha njerwa zofiira, wotchi ili pamwamba. A Blasius anavula chipewa.

"Werenga mokweza," anatero, poti iwo kusukulu sanapondeko. "Ukafika pa bambo ako aakulu uime."

Ambrose anawerenga mayina a pa chitsulo choyamba, chachiwiri, nazungulira mbali zonse. M'kampumo lipenga linkalira ndipo maso ake ankathawira komweko. Anafika kumapeto osaima.

"Bwereza. Wadumpha."

"Sindinadumphe, bambo. Palibe."

Msilikali wolondera, amene ankawayang'ana nthawi yonseyi, anasendera. "Nambala yawo inali chiyani, achikulire?"

"Analibe nambala. Tinkasenza katundu."

"Aa, amtengatenga? Pano analembapo ogwira mfuti okha."

A Blasius anayang'ananso zitsulozo. Zaka zonsezi mtima wawo unkakhazikika pa chipilala chopanda m'bale wawo! Ankafuna kunena kuti waonatu mwanangu, nkhondo ikadya munthu imameza ndi dzina lomwe. Koma Ambrose anawayambirira.

"Bambo, ndikakhala kumudzi adzandigwira ngati inu, ndikafere pansi pa bokosi. Bola ndipite ndekha, andipatse nambala."

"Iyayi, Ambrose! Sindinakubweretsere zimenezo."

Mwanayo anagwada, nawapatsa kathumba ka kamba wa paulendo, n'kulunjika kuchipata cha kampu. A Blasius anamuitana kawiri koma lipenga linkaposa mawu awo.

Anabwerera ku Balaka okha. Akazi awo atafunsa kuti ndani anakamusiya mwanayo kwa asilikali, a Blasius anayankha kuti, "Ndine."