Yunifomu Imene Ndinasita

Malemu akazi anga anali munthu wa masewelo kuyambila ali mtsikana kwawo ku Ndake. Tsiku limene ndinawaona koyamba linali la Khilisimasi, m'tchalitchi, atamata ndevu za thonje pachibwano, akusewela ngati mfumu yoipa ija inalamula kupha ana. Amuna onse anali atakana mbali imeneyo. Iwo anangoti, “Bweletsani kuno ndevuzo.” Atabangula, ana a kutsogolo anathawila kwa amai awo, ndipo thonje la tsaya limodzi linagwa. Ine ndinali kumbuyo, ndikuseka nditagwila pakamwa. Chaka chotsatila tinamanga ukwati.

Tinakhazikika pa Kacholola, m'mbali mwa msewu waukulu. Ine ndinali kulima thonje ndi chimanga, iwo anali kugulitsa nthochi ndi vitumbuwa kwa anthu a m'mabasi. Patapita zaka mpingo unandisankha kukhala mkulu, ndipo iwo anavekedwa yunifomu ya amai osonkhana pa Chinayi: siketi yakuda, bulauzi yoyela ndi chitambala choyela cha kumutu. Yunifomu imeneyi si chitenje choti ungogula n'kuvala. Mai amaphunzila kalasi, amagwada pamaso pa mpingo, amalonjeza, ndiye abusa amamupemphelela n'kumuveka. Amaivala ku mapemphelo, ku malilo ndi pokaona odwala. Akamwalila, anzake amamuveka yomweyo, amabwela onse atavala zoyela, ndipo ndi iwo amene amanyamula bokosi lake potuluka m'nyumba. Akazi anga ankakonda kunena kuti, “Ine zamaluwa ndilibe nazo ntchito. Mudzangondiveka yoyela yangayo, basi.”

Masewelo sanasiye. A kuchipatala chathu chaching'ono akafuna kuphunzitsa anthu za malungo kapena za sikelo ya ana, ankaitana iwo. Kumeneko n'kumene anawaona bambo wina wa ku Lusaka wopanga mafilimu a chinenelo chathu, aja amaonetsedwa m'mabasi ndi m'tinyumba ta vidiyo. Anabwela pakhomo ndi ulemu wake, chipewa m'manja, kudzandipempha kuti ndilole amai a m'nyumba alowe mufilimu. Ndinalola. Mafilimu awili oyamba anasewela ngati apongozi ankhanza, ndipo anthu anawakonda. Pamsika wa ku Nyimba atsikana ankawauza kuti, “Amai, mwana wanu wamwamuna ine sangandione!” Iwo ankayankha kuti, “Nanenso sindingakulole, suoneka ngati udziwa kusinja.”

Anthu a filimu aja anali ndi kagwilidwe kawo ka ntchito. Zovala sankabweletsa, aliyense ankavala zake. Nyumba ankabweleka za eni mudzi. Nkhani sankailemba papepala yonse, bambo uja ankangofotokoza pakamwa chimene chichitike, ndiye wina aliyense apeze yekha mawu. Ndipo sankajambula motsatana. Ankatha kuyamba ndi malilo a munthu, mailo lake, ndiko kuti tsiku lotsatila, munthu yemweyo n'kumujambula akukwatila.

Pa filimu yachitatu akazi anga anandipeza masana ndikunola khasu.

“Atate, akufuna ndivale yoyela mailo.”

“Yoyela? Mufilimu?”

“Akuti nkhani yake ndi ya mai wopemphela amene agwa m'tchimo, athila mwamuna wake mankhwala m'thobwa. Koma kumapeto alapa. Akuti ndikagwada n'kulila, anthu ambili adzatembenuka mtima.”

Ndinaika khasu pansi. Ndine munthu wosafulumila, koma tsiku limenelo ndinaganiza pang'ono chabe. Ndinati, “Ngati alapa, umenewo ndi ulaliki.” Abusa anali kukhala pafupi, ulendo wosatopetsa ndi mwana yemwe, koma sindinapite kukafunsa. Ndinadziona kuti ine mkulu wa mpingo ndakwana. M'mawa mwake, iwo ali kalikiliki ndi vitumbuwa, ndinaika makala mu nsimbi n'kusita bulauzi ndi chitambala ndi manja angawa. Ndinkasita bwino kuposa iwo, ndipo ankandinyadila nazo kwa anzawo.

Anajambula pakhomo pathu penipeni. Tsiku loyamba anayamba ndi mapeto. Akazi anga anagwada pafupi ndi nkhokwe, analila misozi yeniyeni, kupempha Mulungu kuti awakhululukile. Kunali chimphepo, ndipo mbuzi za aneba zinali kulila osalekeza, koma ine nditaima patali misozi inalengeza. Tsiku lachiwili anajambula tchimo. Iwo akuchokela ku tchalitchi atavala zoyela, Baibulo m'manja, alowa m'nyumba, amasula kampango, athila ufa m'kapu. Ufawo unali phulusa la pamoto pathu. Kapu inali yanga, yachitsulo yobenthuka m'mphepete, ndipo bambo wosewela ngati mwamuna wawo anakhala pa mpando wanga.

Filimu itatuluka tinakaionela kwa aphunzitsi ena amene anali ndi wailesi ya kanema. Mwamuna anamwa, anagwa, anafa. Akazi anga anaseka kuseka kuja ankaseka atavala ndevu za thonje. Kenako mayina anayamba kuyenda pagalasi. Ndinadikila kuti kulapa kubwela, koma aphunzitsi anadzuka n'kuzimitsa. Tinamuimbila foni bambo wa ku Lusaka. Anati mphepo ndi mbuzi zinaononga mawu, ndiye mbali ya kulapa anaidula. Anaonjeza kuti, “Komanso amai, anthu sakonda olapa. Tidzaika mu gawo lachiwili.” Gawo lachiwili silinajambulidwe.

Poyamba zinali nthabwala. Mabasi ambili anali kuonetsa filimu imeneyo, ndiye munthu ankaona mai wothila mankhwala pagalasi, basi n'kuima pa Kacholola, posuzumila pawindo n'kuona mai yemweyo atanyamula beseni. Kondakitala wina ankafuula kuti, “Amai, m'vitumbuwa umu mulibe kaja?” Iwo ankati, “Kaja ndimasungila amuna a pakamwa ngati inu. Bwelani ndikupatseni chapadela.” Basi yonse inkaseka.

Kumpingo sanaseke. Mtsogoleli wa amai, mnzawo wa akazi anga amene anavekedwa naye tsiku limodzi, anapeleka nkhani ku bwalo la akulu. Sindimuimba mlandu. Anali atalonjeza kusunga ulemu wa chovala chimenecho, ndipo amai a mipingo ina anali atayamba kuwanena kuti, “Yunifomu yanu ija ndi yothilila amuna mankhwala.”

Bwalo lathu lili ndi mwambo wake. Ikafika nkhani ya mbale wa mkulu wina, mkuluyo amatuluka kuti anzake alankhule momasuka. Abusa atati, “Tsopano nkhani ya amai a kwa akulu athuwa,” ndinatenga chipewa n'kutuluka. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango, ndikuona nyelele. Palibe anandifunsa ngati ndinadziwapo kanthu, ndipo ine sindinanene. Atandiitana, anandiuza chigamulo: amai asavale yunifomu, asakhale pakati pa amai a pa Chinayi, mpaka ataimilila pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti alapa.

Ndinaganiza kuti ndi nkhani ya Sabata imodzi. Koma mwezi womwewo ndinayamba kudwala m'mimba. Ku chipatala ku Nyimba anati ndi zilonda, anandiletsa tsabola ndi tiyi wopanda kanthu. Ndinaonda mpaka lamba kuboola bowo lina. Anthu anali ataona pakhomo pathu mufilimu, anaona mpando wanga ndi kapu yanga. Tsopano ankaona ine ndikuyenda ngati bango. Amai ena okalamba anandiimika panjila n'kundinong'oneza kuti, “Bambo, muzidyako kwa alongo anu masiku ena.”

Nditawauza akazi anga kuti angoimilila nkhani ithe, analeka kusenda mtedza n'kundifunsa.

“Ndikaimilila n'kunena kuti ndalapa, adzamva kuti ndalapa chiyani? Inu mutaonda chonchi?”

“Mudzafotokoza kuti ndi za yunifomu.”

“Olapa safotokoza, atate. Mwakhala mkulu zaka zingati? Amafunsidwa, ayankha kuti inde, akhala pansi. Inde wangayo pofika kumsika adzakhala wa mankhwala. Ana athu adzakhala ana a mfiti yovomela yokha.” Anatola mtedza umene unagwa pansi. “Ine ndinalapa kale, mbuzi zikulila. Anadula.”

Akalapa, avomela chimene sanachite. Akapanda kulapa, yoyela ikhala m'sutikesi. Bambo wa ku Lusaka anabwelanso ndi filimu ina, ya mkazi wachiwili wolodza ana a mnzake. Iwo anamupempha kuti, “Ndipatseniko mbali ya munthu wabwino, ngakhale ya mai wongotunga madzi.” Iye anati, “Amai, nkhope yanu anthu anaizolowela. Mukakhala wabwino adzadikila kuti muthila liti.” Akazi anga anamukana, ndipo masewelo anathela pomwepo. A kuchipatala nawo analeka kuwaitana.

Nyengo ya mvula inadutsa katatu zinthu zili choncho. Pa Sabata akazi anga ankakhala pa benchi ya kumbuyo, pamodzi ndi alendo. Pa Chinayi masana amai ovala zoyela ankadutsa pamsewu akuimba, ndipo iwo ankazungulila kuseli kwa nyumba ndi lichelo, kusenda mtedza umene sunafunike kusendedwa tsiku limenelo. Ine ndinachila, thupi linabwelela, koma anthu anati mankhwala anachepa mphamvu chifukwa ndine wopemphela. Mwezi ndi mwezi ndinkapita ku bwalo, kuweluza nkhani za ena. Ndinkadziuza kuti ndikudikila nthawi yabwino. Iwo sanandikumbutse za nsimbi ngakhale kamodzi.

Kenako anadwala iwo. Tinakhala milungu ingapo ku chipatala ku Petauke, ndipo madokotala atachita mbali yawo anandiitanila pambali n'kundiuza kuti ndibwelele nawo kunyumba. Pa bwalo lotsatila ndinapempha kuti nkhani yawo ikambidwenso. Abusa anandiyang'ana kudikila kuti ndituluke. Ndinagwila benchi ndi manja onse awili.

“Lelo sindituluka, abusa. Yunifomu ija ndinaloleza ndine. Ndinaisita ndine. Amai anafunsa mkulu wa mpingo, mkuluyo anati ndi ulaliki. Zaka zitatu ndakhala pano ndikudziwa zimenezi.”

Mkulu wina, mnzanga wa ku munda, anati, “Nanga bambo, tsiku lija pansi pa mango paja munali kuwelenga masamba?” Abusa analankhula mofatsa. Anati mlandu wanga adzaukamba padela, koma pa nkhani ya amai lamulo lifuna mwini wake alankhule. Poti sangathe kuimilila, atuma akulu awili akamve mawu awo kunyumba, adzabweletse ku bwalo la mwezi wamawa.

Akuluwo anabwela m'mawa wina. Akazi anga anapempha kuti ndiwatsamilitse kukhoma. Anati, “Yoyela ndinaivala posayenela, zoona, ndipo zinandipweteka. Koma amuna angawa sindinawathile kanthu. M'kapu muja munali phulusa. Mukanene zonse ziwili, musadule.” Akuluwo analonjeza. Akazi anga anamwalila kutatsala sabata imodzi kuti bwalo likhale.

Pamapepala a mpingo anali akadali oimitsidwa. Amai a pa Chinayi anabwela ku malilo atavala zitenje wamba. M'mawa wa tsiku loika, ndinatulutsa yunifomu m'sutikesi. Inali ndi mizele yachikasu mopindika. Ndinaika makala mu nsimbi n'kuisita pakhonde, anthu akuona. Mtsogoleli wa amai uja ndiye anali kutsogolela osambitsa thupi. Anatuluka pakhomo n'kuti, “Bambo, zovala.” Ndinamupatsa. Anafunyulula, anaona zoyela.

“Bambo, lamulo mulidziwa kuposa ine.”

“Ndilidziwa, amai. Ndasita ndine. Pakakhala mlandu ndi wanga, monga uja woyamba.”

Analowa n'kutseka chitseko.

Pa nthawi yoona nkhope ndinali woyamba pamzele. Anali atawaveka delesi yawo yabuluu. Kumutu kunali chitambala choyela, chomangidwa bwino, mfundo yake kumbuyo monga amamangila pa Chinayi. Abusa anaona, akulu anaona, aliyense anangodutsa. Bokosi ananyamula amuna. Titabwela kumanda, mtsogoleli uja anandipatsa bulauzi ndi siketi zopindidwa, n'kuti, “Mphamvu zanga zinathela pomwepo, bambo.” Ndinamuthokoza.

Bwalo litakhala, akulu awili aja ananena zonse ziwili, osadula, ndipo dzina la akazi anga linabwezedwa m'buku la amai. Ine anandipumitsa ukulu, ndipo nthawi itakwana sindinapemphe kubwelela. Bulauzi ili m'sutikesi.

Mabasi ena akale akadali kuonetsa filimu ija. Chaka chatha, popita ku Petauke kukaona mwana wathu wamkazi, ndinaipeza ili pakati. Mai amene ndinakhala naye pampando anandigunda ndi chigongono n'kuti, “Onani mfiti iyi, bambo, ndi yunifomu yomwe!” Ndinayang'ana. Akazi anga anali kulowa pakhomo pathu, Baibulo m'manja, kolala ya bulauzi itaima bwino mbali zonse ziwili. Mawu awo ndinali ndisanawamve kuyambila tsiku limene anamwalila. Ndinauza maiyo kuti, “M'kapumo muli phulusa, amai. Ndipo analapa.” Anandiyang'ana ngati wozungulila mutu, n'kusunthila kuwindo. Ine ndinaonela mpaka mayina atayamba kuyenda pagalasi.