Huva pa tsiku la maliro a Harold

Bambo a Chisomo anagwa Lamlungu, nthawi ili 9 koloko m'mawa, pamalo odikirira basi ku Ilford, kuno kudziko la azungu. Tinkapita ku Barking kumene anayenera kukalalikira. Anandipatsa chikwama chawo kuti ndigwire, anati tayi yawathina, kenako anakhala pansi ngati munthu wongotopa. Ambulansi sinachedwe, koma kuchipatala sanadzukenso.

M'kati mwa sabata iwo anali nesi. Lamlungu anali mlaliki wa mpingo wa Methodist, wa mtundu uja wopanda tchalitchi chakechake. Sabata ino kuno, yamawa uko, kuzungulira matchalitchi onse a dera limodzi. Ntchitoyi anatengera kwa bambo awo, amene anapita ku Halale kukaphikira mzungu, nabwerako ndi Baibulo komanso njinga yakapalasa. Apongozi angawo anazungulira midzi ya ku Mchinji pa njinga imeneyo mpaka maondo anakana. Mwana wawo anazungulira pa basi, ine ndili m'mbuyo ndi fulasiki ya tiyi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo ntchito yolembedwa ndinali ndisanagwirepo, kumudzi ngakhale kuno.

Maliro atatha, nyumba yonse inatsamira pa mwana wathu Chisomo. Amene anandidzutsa ndi Mayi Tembo, mnzanga wa ku Chipata. Anandipeza nditakhala mumdima masana.

"Amake Chisomo, mufuna kufa na maganizo? Matchalitchi aja afuna kilina, munthu wosesa. Nyamukani, ine nakamba nawo kale."

Anandiperekeza kwa Mayi Doreen, mzungu woyang'anira nyumba za mpingo. Anandipatsa matchalitchi atatu, awiri a ku Ilford ndi limodzi la ku Barking, nati andiyesa kaye mwezi umodzi.

Ndinkayesa kuti kusesa ndimakudziwa. Mayi Doreen anandiyambitsa ngati mwana. Mopu wofiira ndi ndowa yofiira ndi zakuchimbudzi basi. Wabuluu ndi wa muholo, wobiriwira wa kukhitchini. Bulichi sasakaniza ndi mankhwala ena, ndipo sagwira popanda magolovesi. Fumbi uyambe kupukuta m'mwamba, huva, makina amagetsi okoka fumbi pansi, ibwere pambuyo, mopu pomaliza, ukuyenda chafutambuyo kulowera kukhomo. Ukakolopa uyike chikwangwani chachikasu, chifukwa nkhalamba ikaterereka mlandu ndi wako. Timakapu tagalasi ta Mgonero amatitsuka kamodzikamodzi m'madzi ofunda, n'kutivundikira pansalu kuti tiume tokha.

Msana unkawawa, mabasi ankachedwa, ndipo m'kati mwa sabata matchalitchi amenewa sayatsa zotenthetsera. Koma chonditopetsa kwenikweni chinali gome lolalikirapo. M'matchalitchi onse atatu aja bambo a Chisomo anaimirirapo. Ndinkapaka polishi msangamsanga, nkhope ndili nayo kumbali.

Tsiku lovuta linali Loweruka la sabata yomaliza yoyesedwa. Tchalitchi cha ku Barking chili ndi holo imene amabwereketsa anthu, ndipo masana amenewo munali phwando la tsiku lobadwa la mwana. Dzulo lake munadyera gulu lina. Pansi panali nyenyeswa, ndipo pankamata nsapato. Mayi Doreen anali atandiuza pafoni kuti holoyo iwale eni phwando asanafike.

Nditafika ndinapeza galimoto ya maliro panja. Ndinafunsa bambo wina wa suti yakuda kuti wamwalira ndani. Anati Harold.

A Harold anali mlaliki wozungulira ngati amuna anga, mzungu wamtali wokalamba, amene anayamba kulalikira ali mnyamata. Titangofika kuno, ndiwo anaphunzitsa bambo a Chisomo basi yokwera popita ku tchalitchi chilichonse, ndi mpingo umene umayamba kutsokomola ulaliki ukatalika. Pa maliro athu anabwera pa njinga ya olumala. Kenako anapita kunyumba yosungira okalamba, ndipo za imfa yawo palibe anandiuza.

Pakati pa holo ndi tchalitchi pali khoma la matabwa lopinda. Munthu akayetsemula uko, kuno umamva. Ndinalowetsa chingwe cha huva kukhoma, chala chili pa batani. Ndiye m'tchalitchimo anayamba nyimbo. Ndinasuzumira pampata wa matabwa. Munali abusa, mayi mmodzi wachibale wochokera kutali, ndi nkhalamba ziwiri zazikazi. Anthu anayi okha, pa maliro a munthu amene anakalambira m'matchalitchi a dera lonse. Mawu awo sankafika n'kudenga komwe.

Kwathu pamudzi pakagwa maliro, khasu limagonekedwa. Sumasesa bwalo mtembo usanatuluke. Ndinadziwa kuti kuno si kwathu, ndinadziwanso kuti mwezi woyesedwa sunathe. Chala chinakana. Ndinavula magolovesi ndi epuloni, ndinalowa n'kukhala benchi yakumbuyo. Nyimboyo ndinkaidziwa m'Chichewa, ndiye ndinaimba m'Chichewa momwemo, mokweza, monga timachitira azimayi pasiwa. Nkhalamba imodzi inacheuka, kenako nayonso inakweza mawu. Bokosi potuluka ndinalitsatira mpaka pamsewu, ndinaima mpaka galimoto itakhota.

Pobwerera ndinapeza eni phwando alowa kale ndi mabaluni ndi keke. Mayi wa mwanayo anali pafoni akukalipa, akuloza pansi. Ndinapepesa. Huva ndinayendetsa pakati pa miyendo ya anthu, mopu wabuluu ndinakolopa ana akudumphadumpha pamwamba pake. Chikwangwani chachikasu mwana wina anachitenga n'kuyamba kuseweretsa. Palibe chimene chinayera bwino.

Mayi Doreen anabwera phwando lili m'kati. Tinalankhulira m'kachipinda ka ndowa.

"Esnart, Harold nanenso ndinkamudziwa. Koma holo iyi ndi imene imayatsa magetsi a tchalitchi chino."

"Kwathu sitisesa mtembo uli m'nyumba," ndinatero m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

"Kuno timasesa," anayankha, osati mokalipa. Nawonso ankaoneka otopa.

Lolemba anandiimbira. Ku Barking anapatsa munthu wina, ine ananditsalira awiri a ku Ilford. Chisomo atamva anapukusa mutu. Iye amamva Chichewa koma amayankha theka Chingerezi.

"Amama, mukanangoyatsa huvayo. Akufa samva."

"Anthu anayi aja anali amoyo," ndinatero. Chisomo anangonditenthetsera madzi oviikamo mapazi.

Mayi Doreen sindinawakwiyire. Mayi wa phwando analipira holo yoyera, ndipo sanaipeze. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kuno maliro saimitsa chilichonse, ndiye amene akufuna kukhala pa maliro ayenera kudzipezera yekha mpata, ntchito itatha kale.

Tsopano Lolemba lililonse ndimaimbira Mayi Doreen kufunsa ngati m'matchalitchi anga awiri muli maliro sabata imeneyo. Akakhalapo, ndimakwera basi yam'mamawa, ndimamaliza zonse bokosi lisanafike, ndimatsekera huva m'kachipinda kake. Kenako ndimamanga chitenje chakuda n'kukhala benchi yakumbuyo, kaya womwalirayo ndimamudziwa kaya ayi.