Bwerezani zimene mwamva

Lachisanu lapitali ndinali kwathu ku Mtakataka, kuperekeza amayi kuchipatala poti matenda othamanga magazi awazunza chaka chino. Adokotala anawayeza, anati awasinthira mankhwala, n'kufotokoza kamwedwe kake. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati gulo. "Ndamva, adokotala."

Titabwerera masana tinapeza mlongo wanga Esnati, mphunzitsi wa masamu, ali pakhonde ndi laputopu, mahedifoni kumutu. Anatikwezera dzanja kuti tikhale chete.

"Akutsitsa ndege zake zija," anatero amayi akulowa m'nyumba.

Ndinkangomva kuti Esnati amachita zimenezi, koma ndinali ndisanaonepo. Pali anthu m'maiko osiyanasiyana amene amaulutsa ndege za pakompyuta, ndipo ena amaziongolera pa intaneti potsata malamulo a mabwalo a ndege enieni. Ndegezo n'zongoyerekeza, koma anthu olankhulawo ndi enieni. Tsikulo bwalo lina lakutali linali m'manja mwa mlongo wanga, yemwe sanakwerepo ndege chibadwire.

Ndinakhala pambali pake kukamwa kuli yasa. Nkhuku zikupalasa pabwalo, kabaza akudutsa kumsewu, iye akuuza munthu wa kutsidya la nyanja kuti adikire kaye, munthuyo n'kudikiradi. Kunena zoona, ndinachita naye mantha mwana wa amayi anga.

Atapeza kampata anandinong'oneza kuti sabata yomweyo dongosolo la bwalolo linali litasinthidwa. Kale ndege ikanyamuka inkakhotera kumanzere. Tsopano izikhotera kumanja, chifukwa kumanzere aikako njira ya ndege zotera. Anandiveka mbali imodzi ya mahedifoni kuti ndimve nawo.

Kenaka kunabwera mawu a bambo wachikulire, odekha, a munthu wozolowera. Esnati anawapatsa malangizo onyamukira m'Chingerezi chothamanga. Bambowo anangoyankha kuti amva.

"Bwerezani malangizo onse," anatero Esnati.

Ine manyazi anandigwira. Munthu wamkulu wanena kuti wamva, iwe n'kumuuza kuti abwereze ngati mwana wa sitandade wani?

Anabwereza. Zonse zinali bwino, kufikira pamene anati akhotera kumanzere.

"Ayi, kumanja. Dongosolo lasintha sabata ino. Bwerezaninso."

Esnati anandilozera pa laputopupo kandege kena kakutsika mbali yomweyo ya kumanzere. Bambo aja anabwereza molondola, anathokoza, n'kunyamuka. Panalibe wokwiya, panalibe wopepesa kawiri. Khutu lawo linamva zatsopano, koma mutu unali utasunga zakale.

Abale anga, taganizani. Anthu awa ngakhale ndege zawo zitawombana palibe angafe, koma salola mawu akuti "ndamva" kukhala umboni woti munthu wamva. Nanga ife, amene zinthu zathu zimapha zenizeni?

Kwathu kuno "ndamva" ndi ulemu basi. Mlangizi akafotokoza kasungunulidwe ka mankhwala a mbozi, timati tamva. Anamwino akanena tsiku la katemera, timati tamva. Kufunsanso timakuona ngati kuderera wamkulu, kubwereza ngati kudzionetsa umbuli. Tikafika kunyumba timachita zomwe tinazolowera. Safunsa anadya phula, timaudziwa mwambiwo, koma timaunenera ana okha.

Esnati atatseka laputopu anandifunsa za kuchipatala. Ndinati zayenda bwino, mankhwala asintha.

"Azimwa bwanji?"

"Ndamva zonse, usadandaule."

"Achimwene, bwerezani."

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Ndiye ndinati mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo, monga mwa masiku onse.

Anatenga kabuku ka kuchipatala m'chikwama cha amayi, anatsegula, n'kundipatsa. Mapiritsi atsopanowo ndi amphamvu. Limodzi patsiku, m'mawa mokha.

Madzulo omwewo ndikanawapatsa amayi awiri ndi dzanja langa, mawa lake anayi, ndili ndi mtima woti ndine mwana wosamala.

Amayi anatulukira pakhomo atanyamula kapu ya madzi. "Ndimwe angati, bambo?"

Ndinawauza kuti lero ayi, ayambe mawa m'mawa, limodzi lokha. Anati amva, natembenuka kuti azipita.

Ndinawagwira dzanja, ndinagwada pansi kuti lisamveke ngati chipongwe.

"Amayi, tabwerezani."