Thumba la mpunga linandiulula

Polemba mafomu a ntchito ya ku Doha ndinanena kuti ndilibe mwana. Linali bodza. Anzanga anandiuza kuti mabwana safuna wantchito amene mtima wake uli kumudzi, ndiye Zainabu wanga wa miyezi isanu ndi inayi ndinawasiyira mayi anga ku Machinga, ine n'kudzisandutsa mtsikana.

Pakamwa panasunga chinsinsi bwinobwino. Mutu ndi umene unakana.

Nthawi ya korona, tsiku lina ine ndi madamu amene ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Al Messila, dera la mu Doha, tinaima pamzere m'shopu titavala mamasiki. Ndinali nditakoleka thumba la mpunga paphewa. Kutsogolo khanda la munthu wina linayamba kulira, ndipo ndinadziwiratu kuti si njala ayi, ndi tulo. Sindinaganize kanthu. Ndinangozindikira ndikugwedezeka uku ndi uku, dzanja likusisita thumba, pakamwa pakutuluka "shii, shii". Munthu wamkulu kutonthoza mpunga anthu akuona!

Madamu anandiyang'anitsitsa. "Wallah, Mariamu, mwana wako ali ndi miyezi ingati?"

"Ndi wa achemwali anga, madamu," ndinanamanso, ngati alipo amene anatchula achemwali.

Sanatsutse. Anangondilozera ndi maso manja awo. Ana awo ndi akuluakulu, wotsiriza ali ku yunivesite, koma tolole yogulira zinthu ankaikankha n'kuibweza pang'onopang'ono, m'katimo muli anyezi okhaokha.

"Zaka makumi awiri zapita, sizinandisiyebe," anatero. "Dzina lake ndani?"

"Zainabu," ndinayankha. Khanda lija linali litagona kale, ife tikugwedezabe.