Nambala Yapansi pa Pepala

Mumsewu wa kuseri kwa msika, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa penti, panali shedi ya malata mmene a Mmisiri ankapala matabwa. Anapala ndi manja zaka makumi awiri ndi zitatu, mpaka phewa lakumanja linatsika kuposa linzake. Nyengo ankaidziwira pa thabwa. M'chilimwe matabwa ankang'aluka okha, m'dzinja zitseko zinkafufuma n'kukana kutseka, m'chisanu guluu ankachedwa kugwira.

Pogula matabwa anali ndi lamulo limodzi. "Thabwa osaliyang'ana pamimba," ankatero. "Liyang'ane kumapeto. Kumeneko n'kumene limaulula ngati ndi louma, ngati lili ndi mng'alu." Lamulo limeneli silinawanamizepo.

Anali ndi mng'ono wawo amene anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za mipando ndi mafelemu a zitseko. Atamaliza sukulu n'kusowa ntchito, anamukhomera tebulo labwino pakona ya shedi, kutali ndi utuchi. Anamupatsa buku la ndalama, n'kumulembetsa ku banki kuti azitha kuika ndi kutapa. Anthu a mumsewumo anamutcha Kalaliki, ndipo dzinalo linamukhala.

Mwezi uliwonse ukatha, Kalaliki ankabwera ndi sitetimenti ya ku banki ataipinda katatu, mzere wapansi wokha ukuoneka.

"Achimwene, manambala apamwambawa angokupwetekani mutu," ankatero akuseka. "Inu paja ndinu a kumapeto. Onani apa, ndalama zotsala potseka mwezi."

A Mmisiri ankapukuta manja pa ovolosi, n'kuwerenga nambalayo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Inkakula mwezi ndi mwezi. Pepalalo ankalisunga lopindapinda momwemo m'chitini cha misomali yakale.

Ndalamazo zinali ndi ntchito yake. Kumapeto kwa msewuwo kunali mkulu wina wa imvi amene ankatseka shopu yake, ndipo ankagulitsa makina opalira matabwa pa zikwi mazana asanu. Thabwa limene a Mmisiri ankalimbana nalo m'mawa wonse, makinawo ankalimeza uku n'kulilavula uko munthu asanathe kuyetsemula.

"Ndikusungirani mpaka mvula yoyamba," anatero mkuluyo. "Ikagwa, musadzandinene."

Akazi awo a Mmisiri anayesapo kuwatsina khutu tsiku lina atawabweretsera chakudya.

"Alamu anga agulanso nsapato zina. Ndi zachitatu chaka chino."

"Munthu wa mabuku aziyenda ngati ine? Usiye mwana wa mayi anga."

"Ndasiya," anatero mayiwo, n'kutenga mbale zawo.

Chisanu chinadutsa, fumbi linabwera. Pepala la mwezi wotentha linaonetsa zikwi mazana asanu ndi makumi awiri. A Mmisiri anafuna kutapa tsiku lomwelo, koma Kalaliki anati banki imafuna kuuzidwiratu, adikire mwezi winawo uthe.

Pa tsiku lakhumi ndi chiwiri la mwezi winawo mitambo inayamba kuunjikana kum'mawa, mphepo ikununkha chinyontho. Mkulu wa makina uja anafika pa shedi.

"Kwabwera munthu ndi ndalama m'manja. Ndamuuza kuti adikire mpaka mawa."

Kalaliki anali atatuluka. A Mmisiri anachotsa pensulo pakhutu, anasamba, anatenga chiphaso ndi mapepala onse a m'chitini, ulendo wa ku banki. Anaima pa mzere nthawi yaitali, akuchita manyazi ndi guluu wa m'zikhadabo. Atafika pa zenera anapeza mayi wa magalasi.

"Ndikufuna zikwi mazana asanu, mayi."

Mayiyo anayang'ana pa kompyuta, kenako anayang'ana iwo.

"Bambo, muli zikwi khumi ndi zinayi."

"Mwina mwatsegula ya munthu wina," anatero a Mmisiri akumwetulira. Analowetsa pepala lomaliza pansi pa galasi, chala chili pa mzere wapansi.

Mayiyo anachita chimene iwo sanachitepo: anafunyulula pepalalo n'kulisalaza ndi dzanja. Anapempha ena aja, n'kuwayala motsatana miyezi.

"Nambala yanuyi siyabodza," anatero motsitsa mawu. "Koma imangonena zimene zinalimo tsiku lomaliza la mwezi, pamene tinkatseka. Za dzulo lake kapena mawa lake siinena. Taonani apa. Pa tsiku lomaliza kwalowa ndalama zambiri kamodzi. Tsopano pepala lotsatira: mwezi watsegula ndi nambala yomwe ija, koma pa tsiku lachiwiri zonse zatuluka. Apanso chimodzimodzi. Apanso."

"Ndiye kuti zimangobwera kudzagona?"

"Masiku awiri. Zanu zenizeni zakhala zikutapidwa pang'onopang'ono kuyambira dzinja latha."

"Akutapa ndani?"

Mayiyo anatulutsa pepala lina lotapira ndalama, n'kulitembenuza kuti aone siginecha. A Mmisiri anaidziwa. Cholembera choyamba cha dzanja limenelo anagula ndi iwo.

Atabwerera anapeza Kalaliki atakhala pa tebulo lake, akupukuta nsapato ndi kansalu.

"Achimwene, mwatchena bwanji lero! Kuli ukwati?"

A Mmisiri anayala mapepala aja pa tebulopo, onse ofunyulula, n'kuika hamala pamwamba kuti mphepo isawaulutse. Kalaliki anasiya kupukuta.

"Za masiku awirizo umazitenga kuti?"

Kalaliki anayang'ana kukhomo, kenako pansi.

"Kwa mnzanga wogulitsa simenti. Ndimamupatsa kenakake."

"Kenakake kochokera kwa ine."

"Ndimati ndibweza, achimwene. Ndinagula galimoto yoti izinyamula anthu. Ikanayenda bwino, bwenzi mutagula makina awiri. Injini ndi imene inandigwetsa."

"Ili kuti?"

"Kwa makanika. Pamiyala."

A Mmisiri anakhala pa benchi. Sanakweze mawu, ndipo wowotcherera zitsulo sanamve kanthu.

"Ukanangoba, ndikanati njala. Koma iwe unakhala pansi n'kuganiza kuti mkulu wanga amayang'ana pati. Unatenga nzeru yanga yomwe n'kundipinda nayo."

"Chibale ndi fupa, achimwene, sichiola."

"Khoswe naye amaluma akuuzira. Siya buku, siya makiyi."

Kalaliki anasiya zonse pa tebulo n'kutuluka, nsapato zikuwala.

M'mawa mwake a Mmisiri anapita okha kwa mkulu wa makina kukamumasula pa lonjezo lake. Mkuluyo sanafunse zambiri. Masana lole inadutsa mumsewu, makina atakutidwa ndi lona, ndipo isanakhote pakona madontho oyamba anayamba kugunda malata. Fungo la dothi linalowa mu shedi. Chaka chilichonse a Mmisiri ankatuluka kukalinunkhiza. Tsikulo anatsalira mkati, akusuntha matabwa pamene pankadontha.

Akazi awo atabwera ndi chakudya anaona pakona palibe munthu. Sananene kuti ndinkanena. Anangowagwira phewa lotsika lija.

Tebulo la Kalaliki analipala, kuchotsa madontho a inki, n'kuligulitsa kwa mayi wa penti. Ndalama zake anakaika okha ku banki. Mayi wa magalasi anawazindikira.

"Mwezi ukatha mudzabwere, bambo, ndidzakupatsani pepala."

"Musadzalipinde," anatero a Mmisiri.

Mpaka lero akupalabe ndi manja, ndipo phewa latsikirapo. Matabwa amawayang'anabe kumapeto. Koma pepala la ku banki likabwera amaliyala pa benchi, amaika sikweya yoyezera matabwa pansi pa mzere woyamba, n'kumaitsitsa mzere umodzi umodzi, milomo ikugwedera. Zimawatengera nthawi yokwana kupala thabwa lonse. Mng'ono wawo amadutsa mumsewumo nthawi zina, mbali ya kutsidya. A Mmisiri amamuona, n'kuweramiranso pa mzere umene anali.