Achimwene Anga a Lampje

Kuno minda yathu ili m'munsi kuposa nyanja, ndiye mapampu ochotsa madzi akangogona, ng'ombe zimasambira. Achimwene anga a Douwe anayang'anira nyumba ya mapampu ya m'dera lathu zaka makumi atatu, ndipo ndimawanyadira mosabisa.

Pakhoma la nyumbayo panali timagetsi tating'ono tomwe kuno timati lampje: tobiriwira pampu ikamayenda bwino, tofiira kukakhala vuto. M'mawa uliwonse, asanalawe n'khofi yemwe, ankadina batani loyatsa tonse pamodzi, n'kumatiwerenga ndi chala. Anthu mpaka anawapatsa dzina loti a Lampje. Mkulu wa chipongwecho anali mwamuna wanga Sietse, mlimi wapakamwa ngati wailesi.

"Alamu, tiana tanuto tadzuka bwanji? Mwatisambitsa?" ankatero akamadutsa pa njinga.

"Sekani, alamu," ankayankha achimwene. "Kagetsi kakazima sikanena ngati kuli mtendere kapena kapsa. Umachita kukafunsa."

Chaka china mvula inagwa masiku asanu osapuma. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi achimwene anadina batani lija, kofiira kamodzi osayaka. Anachotsa babu wakupsayo n'kuika wina. Kanayaka pomwepo, ndipo atasiya batani sikanazime: vuto linalipodi. Zinyalala zinali zitatseka ngalande yochokera kumunda kwathu, madzi akukwera mwakachetechete kulowera kukhola la ng'ombe zathu makumi asanu ndi limodzi.

Anaimba foni, ine ndinayankha.

"Mlongo, kamuuze wailesi wakoyo kuti mwana wanga mmodzi akumuitana. Abwere ndi reki."

Achimwene ndi Sietse anakoka udzu ndi matope m'ngalandemo mpaka masana, madzi ali m'chiuno. Madziwo anabwerera atanyambita kale khomo la khola. Sietse anafika kunyumba milomo ili gwa, anadya buledi ndi tchizi osatulutsa liwu. Ndinamva kukoma, sindinama.

Tsiku lotsanzikana ndi achimwene atapuma pa ntchito, akuluakulu analankhula zambiri zomwe ndaiwala. Chomwe ndikukumbuka n'choti Sietse anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kutulutsa m'thumba kababu kakupsa kaja. Anali atakatola tsiku lomwe lija osauza munthu, n'kukasunga zaka khumi ndi ziwiri.

"A Lampje," anatero, "kamwana kanu aka. Ndakalera ine."